Mutu 5: Tsiku Limene Nesi Anandichititsa Manyazi

1. Ntchito ya Nesi

Amayi anga anagwa ndi sitiroko ali ndi chipeso m'manja. Kasitomala anali pampando, mutu wolukidwa mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Kuyambira tsiku limenelo mkono wamanja ndi mwendo wamanja zinakana ntchito. Saluni inatsekedwa. Mawu amatuluka, koma amodziamodzi, ngati munthu akukoka thumba la simenti.

Kwathu tonse timangowatchula kuti agogo, ndi ine yemwe.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pamsika. Ndimachoka m'mawa, kubwera madzulo. Achimwene anga amakhala kutali, ndipo amathandiza kwambiri ndi pakamwa pafoni. Choncho ntchito yonse inagwera mwana wanga wamkazi, wa Fomu 2. Agogo anamupatsa dzina loti Nesi, ndipo linamukakamira. Ineyo amanditchula Wailesi. Akuti sindizima.

Nesi ndiye ankawadzutsa, kuwanyamula kupita kubafa, kuwakhazika pampando wa pulasitiki, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, n'kuchapa zofunda asanathamangire kusukulu. Akaweruka, ntchito ija inkayambiranso. Loweruka ankawaluka tsitsi, agogo atagwira kagalasi ndi dzanja lamanzere.

“Mzere,” ankatero agogo. “Wakhota.”

“Sunakhote agogo, mutu wanuwu ndiye wokhota.”

Ankaseka onse. Ine ndikawamva ndinkati pakhomo pano zinthu zili bwino.

Koma mwanayo ndi woonda ngati mtengo wa tsache. Akawatsitsa agogo pabedi ankaima kaye atagwira m'chiuno. Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi: njinga ya olumala. Ndinafunsa m'masitolo, mtengo wake unandibweza ndisanakhale n'komwe pansi.

2. Nkhani ya pamsika

Mnzanga wogulitsa mapoto ndiye anabwera nayo nkhani.

“Asisi, ku holo ya pafupi ndi chipatala kwayamba maphunziro a anthu osamalira okalamba ndi olumala. Akuti n'za thanzi la maganizo.”

“Maganizo? Kwanga kulibe wamisala.”

“Komatu ndamva kuti ena amalandirako njinga.”

Ndinasiya nsapato imene ndinkapukuta. “Bwanji sunayambire pamenepo?”

Inali nthawi ya tchuthi, ndiye ndinamutumiza Nesi. Aneba athu anavomera kumakhala ndi agogo masana. Monga malipiro anafuna nsapato zawo ndi za mwana wawo. Tinalimbana, anatenga za mwana zokha.

Nesi anayamba kubwera ndi zinthu zachilendo.

“Amayi, akuti ukaona kuti mtima wakwera, uziima kaye n'kupuma mozama.”

“Kupuma kumafuna maphunziro? Ine ndinabadwa ndikupuma. Za njinga anenapo chiyani?”

“Sananenepo.”

Tsiku lina agogo anayamba kuti, “Ndikufuna ma…” Ine ndinathamanga ndi madzi. Anakankha kapu.

“Amayi, akuti tiziwadikira amalize okha,” anatero Nesi. “Tikamawamalizira mawu amaona ngati sawerengedwanso.”

Tinadikira. Ankafuna mafuta odzola.

“Mukanangoloza botolo,” ndinatero, n'kunyamula chikwama changa. Msika sudikira munthu amene akudikira mawu.

3. Malangizo a panjira

Tsiku lomaliza la maphunzirowo anati aliyense abwere ndi wachibale. Ndinadziwa kuti limeneli ndiye tsiku la njinga. Ndinasiya benchi yanga m'manja mwa mnzanga wa mapoto. Pamulu ndinasankhapo nsapato zakuda zabwino kuposa zonse n'kumuveka Nesi.

Tili panjira ndinamukhazikira bwino nkhani.

“Tamvera kuno. Njinga zimenezi n'zochepa, ofuna ndi ambiri. Iwe wakulira pabenchi yanga. Unandimvapo ndikuuza kasitomala kuti soli iyi ndamata ndi guluu? Katundu umamuonetsa mbali yabwino. Anthu amenewa akufuna khomo limene njinga ikasamalidwe. Ukakanena kuti watopa, adzati khomo ili lalephera, njinga ikangochita dzimbiri, tipatse ena. Ndiye akakufunsa uziti agogo ali bwino, ine ndili bwino, amayi amathandiza kwambiri. Za m'nyumba mwathu zisapitirire chitseko chathu. Anthu amamvetsera ndi nkhope zachisoni, akatuluka akukafalitsa pampopi. Ndipo njingayi ndikuifunira iweyo, msana wakowo. Ukaitaya, uziwanyamula agogo ako mpaka udzapindike ngati chogwirira ambulera. Wamva?”

Nesi anandiyang'ana.

“Nanga akandifunsa zoona?”

“Zoona n'zakuti tikufuna njinga.”

“Chabwino, amayi.”

“Ndipo ukakalira kumeneko ndikakusiya konko.”

4. M'holo

Titalowa ndinaponya maso m'makona monse. Ndinasuzumira ngakhale kuseri kwa katani. Njinga panalibe. Ndinati azibisa, ndi anthu ochenjera.

Mipando inali itaikidwa mozungulira, popanda tebulo lapamwamba. Mphunzitsi anali mayi wamfupi, wovala nsapato zafulati zodyeka kuchidendene. Ndinadziwa kuti ameneyu amayenda m'makomo, sangokhala mu ofesi.

“Lero sitifunsa za odwala,” anatero. “Odwala amafunsidwa tsiku lililonse. Lero tikufunsa inu amene mumawasamalira. Muli bwanji? Amene sakufuna kuyankha angoti ndadutsa, palibe mlandu.”

Anayamba ndi bambo wina wachikulire amene anali ataika chipewa pabondo.

“Ine ndinali dalaivala wa malole,” anatero. “Akazi anga anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, kenako njira ya kumsika, kenako ine. Ndiye ana inu mumvetsere, chifukwa msewu umenewu ndaudutsa. Kutopa kwa ntchito imeneyi sikuliza hutala. Kumayamba ndi tulo. Wagona, koma khutu lili kuchipinda kwa wodwala. Kenako chakudya chimasiya kukoma. Anzako akakuitana umati mawa, mpaka amasiya kukuitana. Kenako tsiku lina umapezeka ukukalipira munthu amene umamukonda chifukwa wataya madzi a m'kapu. Ukatero umadzida. Ukadzida umabisa. Ine ndinabisa. Ana akaimba foni ndinkati zonse zili bwino, ndine mwamuna. Ndinadzagwa pakhomo la khitchini. Akazi anga anakhala pambali panga tsiku lonse, osadya, akundisisita mutu n'kumandifunsa kuti bambo inu ndinu ndani. Akanapanda kubwera mnyamata wowerenga mita ya madzi, sindikudziwa. Mukagwa inu, mumagwa anthu awiri. Ndiye musadikire kugwa. Nenani mukadali chiimire. Manyazi amatha, ine anandithera ndili pabedi la chipatala.”

Anavala chipewa chake, kenako anachivulanso.

Mumtima ndinati ameneyu njinga waiphonya.

5. Nesi

Funso linazungulira mpaka linafika pa Nesi. Ndinaponda phazi lake ndi nsapato yanga, pang'ono chabe, kumukumbutsa.

“Agogo ali bwino,” anayamba. “Amayi amathandiza. Ine…”

Anaima. Anayang'ana bambo wa chipewa uja. Kenako ndinamva phazi lake likusololoka pansi pa langa.

“Amayi, mundikhululukire,” anatero motsitsa mawu. Kenako anakweza. “Ine sindili bwino.”

Ndinatsokomola. Sanandiyang'ane.

“Sindigona. M'kalasi ndimaona aphunzitsi akutsegula pakamwa koma sindimva kanthu. Anzanga anasiya kudzanditenga. Sabata yatha ndinawakhazika agogo pampando m'bafa, n'kuwapaka sopo. Anagwetsa beseni ndi mwendo, madzi onse otentha anatayika, n'kuyamba kundikalipira. Ndinatuluka. Ndinakakhala kuseri kwa nyumba nditatseka makutu. Ankaitana, Nesi, Nesi. Sindinapite. Pamene ndinkabwerera, sopo anali atawaumira pathupi, akunjenjemera.”

Anapitiriza.

“Ndili kuseri kuja ndinalakalaka kuti akanangogona osadzukanso. Agogo ndimawakonda. Koma ndinaganiza zimenezo. Ndiye ndikuopa kuti mwina ndine munthu woipa. Ndikuopanso kuti tsiku lina ndidzawasiya nthawi yaitali kuposa pamenepa. Ngati njinga tiiphonye chifukwa ndanena, tiiphonye. Msana ndipirira. Koma izi sindingathenso kuzisunga ndekha.”

Nkhope yanga inatentha ngati ndaweramira mbaula. Za m'bafazo ndinali ndisakuzidziwa. Ndinangoona maso a anthu onse aja, ndipo ndinayamba kale kumva nkhani yanga ikutungidwa pampopi.



Kenako mayi wina, amene amasamalira mwana wake wamkulu wosayenda, anakweza dzanja. “Inenso ndinaganizapo zimenezo,” anatero.

Bambo wa chipewa anakweza lake. Mtsikana wina pakona anakweza lake osadzutsa mutu. Manja anachuluka kuposa amene anatsala pamiyendo.

Mphunzitsi anakokera mpando wake pafupi ndi Nesi.

“Mwanawe, taona manja awa. Onsewa ndi anthu oipa? Maganizo amene unaganizawo sabwera chifukwa chikondi chatha. Amabwera chifukwa mphamvu zatha, ndipo palibe wokulandira katundu. Munthu woipa sakanabwerera m'bafa muja, ndipo sakananena pano. Koma sindikunamiza, kuwasiya agogo onyowa n'koopsa. Akanatha kuterereka, akanatha kudwala chibayo. Ndiye tsiku lina mtima ukadzakwera, uziyamba wawafunditsa thaulo, uonetsetse kuti akhala bwino, kenako utuluke ukaitane munthu. Usakabisale, ukaitane munthu. Ndipo tsiku lomwelo uziuza wina zimene zachitika. Maganizo amenewa akamabwerabwera, kapena ukayamba kuganiza zodzipweteka wekha, usadikire msonkhano. Ubwere kuchipatala, tilipo anthu a ntchito imeneyi. Maganizo amadwala ngati mmene umadwalira mwendo, ndipo amachira. Koma chachikulu n'chakuti ntchito imene ukugwirayi si ya munthu mmodzi, ndiponso si ya mwana wa sukulu yekha.”

Mawu omalizawo sanayang'ane Nesi. Anayang'ana ine.

6. Malonda

Ndinaimirira. Ine ndikayang'anidwa sindikhala pansi.

“Zonsezi zamveka. Mwanayu watopa, chabwino. Koma tandiuzani chilungamo, aphunzitsi. Njinga ndiye taiphonya?”

“Njinga yanji, mayi?”

“Imene mumapereka kwa osamalira bwino.”

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

“Mayi, njinga si mphoto,” anatero mphunzitsi. “Sitipereka kuno. Amabwera kunyumba ndi dokotala wa ziwalo, kudzamuyeza wodwala kuti apeze yomukwana. Nesi atatiuza tsiku loyamba kuti amawanyamula agogo ake, tinamuuza kale dokotalayo. Zikatheka liti sindingalonjeze, koma zimene wanena lerozi sizichotsapo kanthu.”

Ndinatembenukira kwa Nesi. “Iwe unkadziwa?”

“Ayi amayi. Ndimayesa taiphonyadi.”

“Ndiye ndatseka benchi yanga tsiku lonse kudzaonera anthu akulira?”

Holo yonse inaseka, ndi Nesi yemwe, misozi ili m'masaya.

“Popeza mwatseka kale, khalani pansi tichite malonda,” anatero mphunzitsi. “Nesi akuti pamsika ponse palibe wokuposani. Ine ndikugula nthawi ya mwanayu. Mukundipatsa yochuluka bwanji?”

Ndinakhala. Apa tsopano ankayankhula chinenero changa.

“Lamulungu masana,” ndinatero. “Apume.”

“Zachepa. M'mawa uliwonse wa sukulu asamasambitse agogo. Azidzuka, kudya, kupita.”

“Nanga asambitse ndani? Ine m'mawa ndimathamangira mabelo a kaunjika. Ukachedwa umapeza anzako asankha kale, iwe n'kutsala ndi nsapato za phazi limodzi.”

“Mabelo amatsegulidwa tsiku lililonse?”

Mayi ameneyu anali atafufuza. “Lachiwiri ndi Lachisanu,” ndinavomera.

“Ndiye masiku enawo ndi anu. Awiriwo tipeze munthu.”

Mayi wa mwana wosayenda uja anati amakhala kuseri kwa tchalitchi, si kutali ndi ife. Anati akhoza kumabwera m'mawa masiku awiriwo, ngati ine ndingamakamukhalire ndi mwana wake Lamulungu madzulo kuti naye akaone anthu. Ndinamuyang'ana kumapazi. Patapata wake anali womangidwa ndi waya. Ndinati tikambirana, ndipo mumtima ndinali nditamusankhira kale saizi.

“Tatha,” ndinatero.

“Sitinathe,” anatero Nesi. “Loweruka.”

“Loweruka chiyani?”

“Likhale langa. Ndikufuna ndizipita kukawerenga ndi anzanga, ndi kumpira.”

“Loweruka ndiye tsiku la malonda, mwana iwe! Theka. Kuyambira masana.”

“Lonse, amayi.”

“Kuyambira agogo akadya.”

“Lonse. Amalume ali ndi galimoto. Azibwera Loweruka adzakhale ndi amayi awo. Mukamawaimbira foni mumangoti zonse zili bwino, ndiye abwere kudzatani?”

“Theka, ndipo ndakukomera mtima.”

Nesi anaimirira, anakonza siketi yake, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, osacheuka.

Ndinatsegula pakamwa. Kayendedwe kameneko ndi kanga. Ndi mmene ndimachokera pa belo mwini wake akaumitsa mtengo. Mwana ameneyu ndinkayesa amangokhala pabenchi kudya chinangwa, osadziwa kuti akuba luso.

Ndinamusiya afike pachitseko. Sanacheuke.

“Bwerera!” ndinakuwa. “Tenga Loweruka lakolo. Koma tsitsi la agogo uziluka ndiwe. Ine ndikaluka adzandithamangitsa pakhomo.”

“Ndiziluka Lamulungu m'mawa.”

Bambo wa chipewa anawomba m'manja. Chiyambire malonda sindinagonjepo chonchi, pagulu, kwa munthu amene ndinamubereka ndekha.

7. Agogo

Pobwerera, titafika pamphambano ya ogulitsa makala, ndinamutembenukira.

“Wandichititsa manyazi,” ndinatero.

“Pepani, amayi.”

“Usandidule, sindinamalize. Wandichititsa manyazi, koma unaima bwino. Mawu sananjenjemere. Tsiku lina zikadzafika pa sopo kuuma, uzidzayamba wauza ine. Ndidzakalipa, chifukwa ndi mmene ndilili. Ndikamaliza kukalipa ndidzamva.”

Anandigwira mkono ngati mmene ankachitira ali wamng'ono tikamawoloka msewu. Kunkatentha, koma ndinamusiya.

Kunyumba tinapeza aneba akuwodzera pampando, agogo ali maso, akuyang'ana kudenga. Aneba atapita, Nesi anagwada pambali pa bedi. Ndinamukodola kuti zisiye, zatha. Sanandimvere. Linali tsiku lake losandimvera.

Anawafotokozera zonse zimene ananena ku holo, kupatula zimene anaganiza kuseri kwa nyumba. Zimenezo mphunzitsi anali atamuuza kuti si katundu woti asenzetse agogo.

“Ndinakusiyani m'bafa, agogo. Pepani.”

Agogo anayamba kuvutika ndi mawu. “So… so…”

Lilime langa linanyamuka lokha. Nesi anandiponyera diso. Ndinaluma mlomo n'kukhala pansi pamphepete mwa bedi.

“Sopo,” anamaliza agogo. “Anayabwa.”

Nesi anaseka, kenako analira, kenako anasekanso. Agogo anamuika dzanja lamanzere pamutu.

“Beseni,” anatero. Tinadikira. Panja panadutsa wogulitsa masache akuitanira malonda, anafika mpaka kumapeto kwa msewu, ife tikudikirabe. “Ndinagwetsa… dala.”

“Dala, agogo? Chifukwa chiyani?”

“Ndatopa.” Anapuma. “Kunyamulidwa. Ngati… thumba.”

Amayi anga amenewa ankaima tsiku lonse m'saluni, akuluka, akulamula atsikana, akuseketsa makasitomala. Ndinawakonzera pilo, ngakhale anali bwinobwino.

“Kumeneko,” anatero agogo. “Ku holo. Amalola… nkhalamba?”

“Amalola, agogo. Akuti kuli tsiku la odwala okhaokha, nawonso amakakambirana zawo.”

“Mundi… tengere.”

“Mukanene chiyani inu?” ndinafunsa. “Nesi wanena kale zonse. Pakhomo pano sipanatsale chobisika ngakhale supuni.”

Agogo anatembenuza mutu pang'onopang'ono pa pilo. Sanayang'ane Nesi. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba.

“Za iwe,” anatero. “Ndili nazo… zambiri.”

“Ine ndatani?”

“Mawa,” anatero agogo, akutseka maso. “Pondisambitsa. Ndiyambira… pomwepo.”